Mfunda wa O'Brien wa ku Ireland: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene adaphunzitsidwapo ndi ansembe kapena masisitere ochokera ku Ireland, ngakhalenso amene amangowerenga nyuzi za maiko akutali, adamvapo maina oyamba ndi O kapena Mac, monga O'Neill, O'Connor ndi MacCarthy. Mwa maina onsewa, ndi ochepa amene mbiri yawo idalembedwa mosadukiza kuyambira pa kholo lenileni kufikira lero monga idalembedwera ya O'Brien, ndipo nchifukwa chake tasankha limeneli kuti tiyankhe mafunso amene munthu wofuna kudziwa angakhale nawo.

Kodi dzina limeneli lidachokera kwa yani?

Lidachokera kwa munthu mmodzi wodziwika bwino, Brian mwana wa Cennétig, amene maiko onse amamudziwa ndi dzina lakuti Brian Boru. M'chinenero cha eni dziko, Chigaeliki, liwu lakuti Mac limatanthauza mwana, ndipo lakuti Ó, limene makolo awo ankalilemba Ua, limatanthauza mdzukulu. Motero Ó Briain ndiye kuti mdzukulu wa Brian. Mwini wakeyo sadatchedwepo O'Brien, ndipo ana ake, monga Murchad, Tadc ndi Donnchad, ankangotchedwa ana a Brian. Oyamba kusenza dzinali adali adzukulu ake enieni. Koma mmalo moti mbadwo wotsatira utchulidwe ndi dzina la agogo ake, monga udalili mwambo, ana a adzukuluwo adakakamira dzina lomwelo, ana awonso chimodzimodzi, kufikira liwu limene lidali longofotokoza ubale lidakhazikika nkusanduka mfunda. Mwana wamkazi wa m'banjali amatchedwa Ní Bhriain, ndipo mkazi wokwatiwa m'banjamo amatchedwa Uí Bhriain. Kachizindikiro kamene timakaona pakati pa O ndi B nka alembi a Chingerezi, amene adatenga kamzere kokhala pamwamba pa Ó nkukagwetsera pambali.

Nanga chidawaumiriza kukakamira dzina limodzi nchiyani?

Ufumu ndi minda. Ku Ireland wakale kudali mafumu ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo mpando sunkagwera mwana woyamba yekha ayi: mwamuna aliyense amene atate ake, agogo ake, kapena atate a agogo akewo adakhalapo pampando, adali ndi ufulu woulimbirana, bola akhale ndi anthu pambuyo pake ndi mikondo yokwanira. Popeza mafumuwo ankakwatira kangapo ndi kubereka ana ochuluka, pakapita mibadwo itatu kapena inayi abale ankachuluka monga mchenga wa kunyanja, ndipo panafunika mpanda wolekanitsa oyenera kudya ufumu ndi ongokhala a fuko lomwelo. Mpanda umenewo udali dzina. Wotchedwa Ua Briain ankalengeza pakamwa pokha kuti iye ngwa m'nyumba ya Brian, ndi kuti ana a abale ake a Brian, ngakhale adali a magazi amodzi, akhale panja. Ena mwa otsalira panjawo adapanga mifunda yawoyawo: a Kennedy a ku Munster, mwachitsanzo, adatuluka mwa Donncuan, mbale wake wa Brian.

Pali nthano yakuti Brian ndiye adalamula anthu onse a ku Ireland kuti akhale ndi maina a mabanja. Nthano imeneyi njokoma kuimva koma siingaime pabwalo, pakuti mabuku a amonke, mmene ankalembamo zochitika chaka ndi chaka, amatchula imfa ya mfumu ina ya mfunda wa Ua Cléirigh m'chaka cha 916, Brian asanabadwe nkomwe. Chimene chili choona nchakuti Ireland ndi limodzi la maiko oyambirira a ku Ulaya kukhala ndi maina otere, ndi kuti mwambowu udafalikira m'zaka zomwezo zimene Brian ndi zidzukulu zake adali pampando.

Brianyo adali munthu wotani kuti dzina lake lilimbiranidwe chotero?

Adabadwa cha m'ma 941 pafupi ndi Killaloe, pamene mtsinje wa Shannon umatuluka m'nyanja ya Lough Derg, m'fuko la Dál gCais, limene masiku amenewo lidali laling'ono ndi losawerengeredwa. Kwa zaka mazana angapo ufumu wa chigawo cha Munster udali m'manja mwa fuko la Eóganachta, lokhala pa thanthwe la Cashel. Koma fukolo litafooka chifukwa cha kugawikana, Mathgamain, mkulu wake wa Brian, adalanda Cashel, nagonjetsa ma Viking, alendo okhala ku Limerick, pa nkhondo ya ku Sulcoit, nafunkha mzinda wawo. Mathgamain ataphedwa mwachiwembu m'chaka cha 976, Brian adalowa m'malo mwake, ndipo posakhalitsa adayamba kulipsira amene adakhudzidwa ndi imfayo: Ivar, mfumu ya ku Limerick, adamuphera pa chilumba cha Scattery, ngakhale padali pa malo opatulika, ndipo Máel Muad adamugwetsa pa nkhondo ya ku Belach Lechta m'chaka cha 978.

Chidamukweza koposa chidali Shannon yemweyo, pakuti iye adazindikira msanga kuti wokhala ndi ngalawa pamtsinjepo atha kufika pakati penipeni pa dziko adani ake akali m'tulo, ndipo luso limeneli adaliphunzira kwa ma Viking amene adawagonjetsawo. M'chaka cha 997 iye ndi Máel Sechnaill, mfumu yaikulu ya fuko la Uí Néill, adapangana zogawana chilumba chonse pakati, wina kumpoto wina kumwera. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'chaka cha 1002 Máel Sechnaill adagonja napereka chikole. Patapita zaka zitatu Brian adapita ku Armagh, likulu la mpingo wa Patrick Woyera, naika golide wolemera maaunsi makumi awiri paguwa, ndipo mlembi wake, Máel Suthain, adalemba m'buku la pa tchalitchipo mau a Chilatini omutcha mfumu ya mafumu ya anthu a ku Ireland. Bukulo likalipo mpaka lero ku Trinity College mumzinda wa Dublin. Za dzina lachiwirilo, Boru, ena amati lidachokera ku mtulo wa ng'ombe umene ankalandira kwa mafumu ogonja, ena amati ndi dzina la linga lina la pafupi ndi Killaloe.

Kodi nzoona kuti adafa akupirikitsa ma Viking m'dziko lake?

Kuti adafa pa nkhondo ya ku Clontarf, pafupi ndi Dublin, pa Lachisanu Loyera, tsiku la 23 Epulo 1014, nzoona. Koma kuti nkhondoyo idali ya eni dziko mbali ino, alendo mbali iyo, ndi mmene adzukulu ake adafunira kuti tizikumbukira. Amene adamuukira poyamba adali Máel Mórda, mfumu ya ku Leinster, mwini dziko mnzake. Ndipo Sitric, mfumu ya ma Viking a ku Dublin, amene adaitanitsa ankhondo a ku Orkney ndi ku Isle of Man, adali mkamwini wa Brian yemweyo, komanso mwana wa Gormflaith, mkazi amene Brian adamukwatirapo. Udali mlandu wa pachibale umene udakokera alendo.

Nkhondo idayamba mmawa nkutha madzulo, ndipo ambiri mwa othawa adamira pamene madzi a m'nyanja adabwerera kumtunda nkuwatsekera njira ya ku ngalawa zawo. Ankhondo a Brian adapambana, koma adalipa mtengo wowawa: Murchad, amene adayenera kulowa ufumu, adafera pomwepo, mwana wake wamng'ono Toirdelbach adafanso, ndipo nkhalambayo, imene idali itapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, idaphedwa m'hema mwake. Mbiri zakale zimasimba kuti Brodir wa ku Isle of Man, ali mkati mothawa, adaipeza ikupemphera naikantha. Mtembo adaunyamula kumka nawo ku Armagh, kumene adaulonda usiku khumi ndi uwiri asanauike. Sitric adakhalabe mfumu ya Dublin zaka zina zoposa makumi awiri, ndipo Máel Sechnaill adabwerera pa mpando wake kufikira imfa yake m'chaka cha 1022.

Tsono mbiri yomukweza chotero idachokera kuti?

Kwa oyamba aja kutchedwa Ua Briain. Brian atafa ana ake adalimbirana mpando. Tadc adaphedwa m'chaka cha 1023, ndipo Donnchad, amene ankaganiziridwa kuti ndiye adakonza chiwembucho, adalamulira nthawi yaitali mpaka mwana wa Tadc, Toirdelbach Ua Briain, adamulanda ufumu, iye nkupita ku Rome kumene adakafera m'chaka cha 1064. Toirdelbach ndi mwana wake Muirchertach adabwezera banjali ulemerero wake, ndipo m'masiku a Muirchertach ndi mmene mudalembedwa buku lotchedwa Cogad Gáedel re Gallaib, losimba nkhondo za eni dziko ndi alendo, limene lidajambula Brian ngati mpulumutsi wa mtundu ndi wa chikhulupiriro. Mlembi wakeyo ankadya m'mbale ya mdzukulu, ndipo tisadabwe kuti adakometsa agogo. Ngakhale mndandanda wa makolo adaukonza: akatswiri a mbiri a masiku ano amavomerezana kuti Dál gCais idali nthambi ya anthu otchedwa Déisi, koma alembi a pabwalo la mfumu adaipezera kholo lotchedwa Cormac Cas, nalisandutsa mbale wa kholo la Eóganachta, kuti ufumu wolandawo uoneke ngati cholowa.

Chaka cha 1101 chimatisonyeza Muirchertach mbali zonse ziwiri. M'chaka chimenechi adapereka thanthwe la Cashel kwa mpingo, mphatso imene idamutchukitsa monga mfumu yoopa Mulungu, komanso idachititsa kuti a Eóganachta asadzakhalenso pa likulu la makolo awo. M'chaka chomwecho adakwera kumpoto nakagumula linga la Aileach, ndipo zidalembedwa kuti adalamula ankhondo ake kuti pa thumba lililonse la kamba anyamulepo mwala umodzi wa lingalo kumka nawo ku Limerick. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: m'chaka cha 1118 Toirdelbach Ua Conchobair, mfumu ya ku Connacht, adafika ku Kincora, likulu la banja la Brian, naliponya mu Shannon, miyala ndi mitengo yomwe. Kuyambira pamenepo a O'Brien adatsala ndi Munster wa kumpoto yekha, wotchedwa Thomond, amene chimake ndi boma la Clare la masiku ano.

Angerezi atabwera, banjali lidapulumuka bwanji?

Poyamba ndi mkondo, pambuyo pake ndi kuwerama. Ankhondo ochokera ku Wales ndi ku England adafika ku Ireland m'chaka cha 1169, ndipo Domnall Mór Ua Briain, yemwe adamangitsa tchalitchi chachikulu cha Maria Woyera ku Limerick, adawagonjetsa ku Thurles m'chaka cha 1174. Patapita nthawi mfumu ya ku England idapereka Thomond kwa banja la de Clare, limene lidapezerapo mwayi pa kugawikana kwa a O'Brien eni ake. Koma m'chaka cha 1318 Richard de Clare adaphedwa pa nkhondo ya ku Dysert O'Dea, otsala ake adaotcha linga la Bunratty nathawa, ndipo kwa zaka zoposa mazana awiri Thomond adadzilamulira yekha.

Zinthu zidatembenuka pamene Henry VIII adadzitcha mfumu ya Ireland m'chaka cha 1541, nayamba kuitana mafumu kuti apereke maiko awo kwa iye, kenaka awalandirenso kuchokera m'dzanja lake pamodzi ndi maudindo a Chingerezi. Murrough O'Brien adaoloka nyanja, nagwada ku Greenwich m'chaka cha 1543, nabwerako ali Earl of Thomond ndi Baron Inchiquin, atalonjeza kusiya udindo wa makolo wotchedwa O'Brien, kutsata chinenero ndi mavalidwe a Chingerezi, ndi kusunga malamulo a mfumu. Chimene anthu wamba sadachione msanga nchakuti dziko limene lidali la fuko lonse, mfumu nkumangoliyang'anira, tsopano lidalembedwa papepala ngati chuma cha munthu mmodzi ndi olowa m'malo mwake. Abale amene mwambo wakale udawapatsa ufulu pampando sadavomere, ndipo Donough, amene adatsata Murrough pa udindo wa Earl, adafa m'chaka cha 1553 pa mkangano ndi mbale wake Donnell.

Kodi tinganene kuti adagulitsa dziko lawo?

Ena a iwo mlanduwu sangauthawe. Donough wina, Earl wachinayi, adamenyera Mfumukazi Elizabeth pa nkhondo ya ku Kinsale m'chaka cha 1601, pamene mafumu a kumpoto, O'Neill ndi O'Donnell, adagonjetsedwa kotheratu. Woipitsitsa m'chikumbumtima cha anthu ndi Murrough, Baron Inchiquin wachisanu ndi chimodzi, amene adamutcha Murrough Wootcha: m'chaka cha 1647, akumenyera nyumba ya malamulo ya ku England, adakwera thanthwe la Cashel, lomwe lija Muirchertach adapereka kwa Mulungu, ndipo asilikali ake adapha anthu mazanamazana amene adathawira m'tchalitchi, ansembe ndi akazi omwe. Munthu yemweyo pambuyo pake adatembenukira kwa mfumu, nakakhala ku France, nalowa Chikatolika.

Komabe woweruza asafulumire, pakuti m'zaka zimenezo mabanja ambiri amene adakana kuwerama adafafanizidwa osasiya ndi munda womwe. Taonani za Máire Rua wa ku Leamaneh, mkazi wa Conor O'Brien. Mwamuna wake ataphedwa ndi ankhondo a Chingerezi a Cromwell m'chaka cha 1651, mayiyu adadziwa kuti chuma cha woukira chimalandidwa, ndipo adakwatiwa ndi John Cooper, msilikali wa gulu lomwelo limene lidamusandutsa wamasiye, kuti minda ikhalebe ya mwana wake. Anthu a ku Clare adamupekera nthano zoopsa zambiri, koma mwanayo, Donough, adakula nkukhala mmodzi wa anthu olemera koposa m'bomalo, ndipo ndiye kholo la a O'Brien a ku Dromoland, amene adalandira udindo wa Inchiquin m'chaka cha 1855. Kwa ine, nzeru za mayi ameneyu zimafotokoza kupulumuka kwa banjali bwino koposa nkhondo zonse zimene tatchulazi.

Padalinso ena amene adasankha njira ina. Nthambi ya ma Viscount Clare idatsata Mfumu James II ya ku England, nitaya minda yake yonse, nipita ku France pambuyo pa pangano la ku Limerick la 1691; Charles O'Brien wa nthambi imeneyi adatsogolera ankhondo a ku Ireland polimbana ndi Angerezi ku Fontenoy m'chaka cha 1745, ndipo pambuyo pake adakwezedwa kukhala mmodzi wa akazembe aakulu a France. Ndipo m'nyumba ya Dromoland momwemo mudabadwa William Smith O'Brien m'chaka cha 1803, Mprotestanti wophunzira ku Harrow ndi ku Cambridge, phungu wa ku London, amene ataona anthu akufa ndi njala boma likuyang'ana kumbali adatsogolera kuukira kwa 1848. Kuukirako kudathera pa nyumba ya mayi wina wamasiye pafupi ndi Ballingarry, mmene apolisi adadzitsekera pamodzi ndi ana a mayiyo. Iye, posafuna kuti anawo afe, adakana kuti nyumbayo iotchedwe. Adaweruzidwa kuti aphedwe, chilangocho chidasinthidwa, natumizidwa ku Tasmania, ndipo lero chifanizo chake chili mumsewu waukulu wa Dublin.

Nanga dzinali lidafika bwanji ku America ndi ku Australia?

Lidapita ndi amphawi. Pamene chiwawu chidagwira mbatatesi kuyambira m'chaka cha 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi njala ndi matenda, enanso ochuluka chimodzimodzi adakwera zombo; ndipo Clare lidali limodzi la maboma amene adasautsidwa koposa, makamaka dera la Kilrush, kumene eni minda adagwetsa nyumba za olephera kulipira lendi. A O'Brien amene adatsika ku New York, ku Boston, ku Liverpool ndi ku Sydney adali anthu a khasu ndi fosholo, osadziwa mkati mwa Dromoland. Ngakhale adachoka ochuluka chotero, pamene Robert Matheson adawerenga maina a ana obadwa m'chaka cha 1890 adapeza kuti O'Brien lidali dzina lachisanu ndi chimodzi pa kuchuluka, pambuyo pa Murphy, Kelly, Sullivan, Walsh ndi Smith. M'zaka za chitsenderezo cha Angerezi mabanja ambiri adataya O ndi Mac kuti apeze ntchito ndi mtendere, ndipo ena monga Murphy ndi Kelly sadawatolenso, ngakhale bungwe la Gaelic League, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1893, lidalimbikitsa anthu kubwerera ku maina a makolo. Koma a O'Brien ambiri adasunga O wawo, ngakhale alipo olembedwa Brien, Bryan ndi O'Bryan monga lidamvera khutu la kalaliki.

Ndiye kuti O'Brien aliyense ndi wa magazi achifumu?

Ambiri angakhale otero, pakuti zaka chikwi nzokwanira kuti nyumba imodzi yobereka idzaze chigawo, ndipo ofufuza za magazi adapeza chizindikiro china, chotchedwa L226, chimene chimapezeka kawirikawiri mwa amuna a mifunda ya Dál gCais. Koma si onse ali nacho, chifukwa padali otumikira ndi okhala pa minda ya mfumu amene adatenga dzina la mbuye wawo, ana amene adatsata dzina la amayi, ndi a mifunda ina yofanana mamvekedwe, monga Ó Braoin, amene alembi adawasokoneza. Ngakhale amene alidi a magaziwo asadzikweze: kwathu kuno Kalonga adali Phiri, koma si Phiri aliyense amene angaitanitse mpando wa Kalonga, kungosiyana kuti ife mpando timautsata kuchikazi pamene iwo ankautsata kuchimuna. Chizindikiro cha mikango itatu chimene amalonda amagulitsa kwa alendo ngati cha O'Brien aliyense, mwalamulo ncha munthu amene adapatsidwa ndi olowa m'malo mwake. Amene amawerengedwa mkulu wa mfunda wonse ndi Baron Inchiquin, ngakhale boma la Ireland lidaleka kuvomereza maudindo otere m'chaka cha 2003. Ndipo nyumba ya Dromoland idagulitsidwa m'chaka cha 1962, lero ndi hotela. Owerenga mabuku adziwenso kuti Edna O'Brien adalidi mwana wa ku Clare, wobadwira ku Tuamgraney, pamene Flann O'Brien lidali dzina lobisalira la Brian O'Nolan wa ku Strabane.

Munthu wofuna kulondola makolo ake a mfunda umenewu ayambire pati?

Ayambire pa mudzi, pakuti ma John O'Brien ndi ma Mary O'Brien a m'boma limodzi lokha ngosawerengeka, ndipo wopanda dzina la parishi kapena la kadera kamene agogo ake adachokera angotaya nthawi. Vuto lalikulu nlakuti pa 30 Juni 1922, nkhondo ya pachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungiramo zikalata za boma ya ku Four Courts mu Dublin idaphulika ndi kupsa, ndipo kalembera wa anthu wa zaka za 1821 mpaka 1851 adapsera momwemo, kungotsala tizidutswa. Zimene zidapulumuka ndi kalembera wa 1901 ndi wa 1911, amene aliyense angamuwerenge kwaulere pa intaneti. Adapulumukanso mabuku a ubatizo ndi ukwati a maparishi a Chikatolika, amene sadali m'nyumbamo. Palinso kaundula wa minda wa Richard Griffith, wolembedwa pakati pa 1847 ndi 1864, wotchula mwini munda ndi wolipira lendi aliyense. Komanso pali kaundula wa boma wa obadwa ndi omwalira, amene adayamba m'chaka cha 1864. Ndi zimenezi mabanja ambiri a anthu wamba amatha kubwerera mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kuseri kwa pamenepo mayina olembedwa mwandondomeko ndi a eni minda okha.